Kugula osewera pa portal: ndalama zomwe matimu a basketball ya m'makoleji ku America akutaya, komanso chifukwa chomwe sakusiyira

Pa 24 March 2025 mpikisano waukulu wa basketball ya m'makoleji ku America, uja amautcha March Madness, unali pakati penipeni, matimu 16 anali asanatuluke akulimbiranabe chikho. Tsiku lomwelo msika wa osewera unatsegulidwa. Ndiye taganizani, kochi akukonzekera gemu yofunika kwambiri pa moyo wake koma foni ili kukhutu akunenerera mtengo wa wosewera wa chaka chamawa, uku akuyang'ananso pa benchi yake yomwe kuti kodi mwa anyamata akhala apawa ndani ali kale ndi ejenti amene akumusakira kwina. Pomwe msikawo umatsekedwa pa 22 April, anyamata opitirira 2,000 a mu Division I, gawo lapamwamba la masewera a m'makoleji, anali atalembetsa mayina kuti akufuna kusamuka. Division I ili ndi makoleji pafupifupi 360 ndipo timu iliyonse inkaloledwa masikolashipu 13, werengani nokha muone kuti ndi gawo lalikulu bwanji la osewera onse.

Msika umenewu dzina lake ndi transfer portal. Kunena zoona si chinthu chodabwitsa, ndi mndandanda wa mayina basi pa kompyuta ya NCAA, bungwe lomwe limayendetsa masewera a m'makoleji kumeneko. Inayamba mu October 2018. Wosewera akauza ofesi ya pa koleji yake kuti ndikufuna kuchoka, ofesiyo ili ndi masiku 2 ogwira ntchito kuti ilowetse dzina lake, ndipo dzina likangolowa makochi onse m'dziko muja ali ndi ufulu womuimbira foni. Kumuimbira dzina lisanalowe ndi kuphwanya lamulo, koma makochi eni ake amadandaula poyera kuti aliyense akuchita zimenezo kudzera mwa maejenti, achibale ndi makochi akale a mwanayo. Nchifukwa chake mumaona munthu walowa pa portal lero mawa walengeza kale timu yatsopano, eti wapanga chiganizo usiku umodzi.

Kale sizinali chonchi. Wosewera basketball akasamuka amayenera kukhala chaka chathunthu osasewera gemu, kumangopanga nawo ma training ndi kulowa m'kalasi. Lamulo limenelo linali lankhanza chifukwa kochi amatha kuthawa timu tsiku lililonse kukalandira ndalama zambiri kwina, mwana yemwe anamulonjeza zaka 4 nkutsala atamangidwa miyendo. Koma kwa timu yogula linali ndi phindu lake lobisika, umakhala ndi chaka chonse chomuphunzira munthuyo, iyenso kuphunzira kaseweredwe kako, asanavale yunifomu. Baylor yomwe inatenga chikho mu 2021 inali ndi Davion Mitchell wochokera ku Auburn, MaCio Teague wochokera ku UNC Asheville ndi Adam Flagler wochokera ku Presbyterian, onsewa anakhala kaye chaka pansi. Mu April 2021 NCAA inalola kusamuka kamodzi popanda kudikira. Mu December 2023 jaji wa ku West Virginia, John Preston Bailey, anaimitsa lamulo loletsa kusamuka kachiwiri maboma a zigawo zingapo atasumira NCAA, ndipo mu April 2024 NCAA inangogonja, samuka kangati konse bola sukulu ikukuyendera bwino.

Pakati pa zonsezi panalowa ndalama. Kuyambira pa 1 July 2021 osewera analoledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo, nkhope yawo ndi kutchuka kwawo, zomwe amazitcha NIL. Pa pepala zinali zoti mwana atha kutsatsa malonda a kampani nkulipidwa. Zomwe zinachitika ndi zoti anthu olemera omwe amasapota koleji anayamba kusonkherana ndalama m'magulu otchedwa ma collective, nkumalipira osewera kuti abwere kapena asachoke, kutsatsa malondako kungokhala chophimba m'maso. Zinthu ziwirizi, ufulu wosamuka ndi ndalama, zinabwera chaka chimodzi, nde mpamene msika unabadwira.

Amene tinazolowera mpira wa miyendo tiyenera kumvetsa kusiyana kumodzi. Kuno timu ikafuna wosewera wa timu ina imalipira timuyo, ndipo wosewerayo amasaina kontrakiti ya zaka zingapo, ukamugula ndi wako, ukafuna udzamugulitsanso. Ku college basketball kulibe zimenezo. Koleji yomwe inamulera nthawi zambiri silandira ngakhale tambala, ndalama zonse zimapita kwa wosewera ndi ejenti wake, ndipo mgwirizano nthawi zambiri ndi wa chaka chimodzi. Sizoni imayamba November kutha kumayambiriro a April. Ndiye kwenikweni sukugula munthu, ukumubwereka miyezi yochepa pa mtengo wogulira, April akafika uyambenso kunenerera kuti asapite. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo apa mame ake ndi a madola mamiliyoni.

Tsiku lomwe anthu anadziwira mitengo linali mu April 2022. Nijel Pack anachoka ku Kansas State kupita ku Miami, ndipo mkulu wina wolemera wosapota Miami, John Ruiz, analengeza yekha pa Twitter kuti kampani yake LifeWallet imupatsa $800,000 pa zaka 2 kuphatikiza galimoto. Pasanathe sabata ejenti wa Isaiah Wong, yemwe anali kale nyenyezi ya Miami ndipo anali atangoifikitsa timuyo mu Elite Eight, ndime ya matimu 8 otsala mu March Madness, anauza kanema wa zamasewera ESPN kuti Wong achoka ngati ndalama zake sizikwezedwa. Wong sanachoke, koma apa mpomwe panaonekera mtengo woyamba womwe sulembedwa pa risiti. Ukalipira mlendo $400,000 pa chaka, wakweza mtengo wa aliyense yemwe ali kale m'chipinda chosinthira zovala. Amene wakhala nawe zaka 3 akudumphira mipira pansi, akugoletsa kuposa mlendoyo, amva bwanji? Ndipo amamva ndithu, anyamatawa amauzana, maejenti awo amauzana kwambiri.

Miami inapindula, tisaname, mu 2023 inafika mu Final Four, ndime ya matimu 4 omaliza, koyamba m'mbiri yake, Pack ndi Wong akusewera limodzi. Koma kochi wawo Jim Larrañaga anadzafotokoza kuti atangobwera ku Final Four kuja, pa msonkhano woyamba ndi anyamata ake, 8 mwa iwo anali ndi maganizo olowa pa portal, osati chifukwa chodana ndi malowo koma pofuna kuona kuti kunja angapatsidwe zingati. Sizoni yotsatira Miami inaluza magemu ambiri kuposa omwe inawina. Pa 26 December 2024, timu ili pa 4-8, mdala wa zaka 75 uja anatula pansi udindo sizoni ili mkati, nkunena kuti watopa. Miyezi 2 m'mbuyo mwake Tony Bennett wa Virginia, yemwe anatenga chikho mu 2019, anali atasiyanso sizoni itatsala pang'ono kuyamba, nayenso akuti sakuona kuti ndi munthu woyenera kutsogolera timu m'nyengo ngati ino. Kutaya kochi wotere ndi mtengo nawonso, ngakhale palibe amauwerengera ku bajeti ya portal.

Tsopano ku ndalama zenizeni. Mitengo yambiri yomwe timamva ndi ya atolankhani chifukwa makontrakiti ake salengezedwa, ndipo maejenti ali ndi chifukwa chokokomezera. Koma mu 2024 mayina awiri anamveka ponseponse ndi mtengo wa $2 miliyoni aliyense. Great Osobor, mnyamata wokulira ku England, anatsatira kochi wake Danny Sprinkle kuchoka ku Utah State kupita ku Washington. Washington inathera pansi penipeni pa ligi ya Big Ten. Coleman Hawkins anachoka ku Illinois kupita ku Kansas State, timu inamaliza 16-17 osalowa nkomwe mu March Madness.

Nkhani ya Hawkins ndi yomwe imandikhudza. Ku Illinois sanali munthu wogoletsa mapointi 25, anali wamtali wodziwa kupasa, kutchinga, kuponya patali apo ndi apo, munthu amene amawala akakhala pakati pa anzake ogoletsa. Mapointi ake amakhala cha mu 12 pa gemu. Ku Kansas State anasewera pafupifupi chimodzimodzi, cha mu 11, koma tsopano pamutu pake panali $2 miliyoni ndipo masapota amafuna aone $2 miliyoniyo usiku uliwonse. Anamunyoza pa intaneti sizoni yonse. Mu March 2025 ataluza kwa Baylor mu mpikisano wa ligi yawo ya Big 12, atolankhani anamupeza m'chipinda chosinthira atakhala pa mpando, misozi ili mbwembwembwe, mawu akukanika kutuluka, akunena kuti wakhumudwitsa anthu ambiri ndipo zolankhula za anthu zinamulowa m'mutu mpaka kumusokoneza kasewero. Timu inagula wosewera wabwino pa mtengo wa mpulumutsi, ndipo mtengo womwewo ndi umene unamuphwanya. Vuto silinali Hawkins, linali la omwe anaika mtengowo.

Mu 2024 momwemo Indiana inabweretsa Oumar Ballo wa ku Mali kuchokera ku Arizona, Myles Rice ndi Kanaan Carlyle, anthu nkumati iyi nde timu, koma sinalowe mu mpikisano ndipo kochi Mike Woodson anachoka kumapeto kwa sizoni. Kansas ya Bill Self inayamba sizoni ili nambala 1 m'dziko lonse, inamaliza 21-13 nkutulutsidwa ndi Arkansas mu gemu yoyamba ya March Madness. AJ Storr yemwe amagoletsa 16.8 pa gemu ku Wisconsin anatsikira pa 6.1 ku Kansas, nthawi zambiri akuyambira pa benchi, kenako anapita ku Ole Miss, koleji yake ya nambala 4 m'zaka 4.

Nanga makochi odziwa mpira chonchi amalakwitsa bwanji? Nkhani yaikulu ndi nthawi. Mwana wa ku sekondale kochi amamutsatira zaka 2 kapena 3, amakamuonera magemu, amakadya kwawo, amacheza ndi amayi ake, amafunsa aphunzitsi ake, amadziwa ngati ndi waulesi, ngati amakwiya akatulutsidwa mu gemu, ngati bondo lake limatupa. Wa pa portal umakhala ndi masiku 3 mwina 4, nthawi zina maola chabe, chifukwa ejenti wakuuza kuti pali matimu ena akudikira yankho pofika madzulo. Umaonera mavidiyo, umayang'ana manambala pa kompyuta, umaimbira kochi wake wakale yemwe mwina wakwiya naye kapena akufuna angochoka ndiye sakuuza zoona. Zili ngati kuoda belo ya kaunjika, lebulo mwawerenga, ndalama mwapereka, koma zamkati muzidziwa mukadula mawaya kunyumba, ndipo kubweza kulibe.

Manambala nawonso amanamiza. Mnyamata wogoletsa 20 pa gemu mu ligi yaing'ono amakhala kuti mpira uli m'manja mwake nthawi zonse, akuponya ka 17 kapena 18, omutchinga ndi afupiafupi. Mubweretseni mu ligi yaikulu ngati SEC kapena Big 12 komwe womutchinga ndi wamtali kuposa iye komanso wothamanga kuposa iye, ndipo aziponya ka 8 chifukwa pali anzake 4 omwenso anali mabwana komwe achokera. Ena amakwanitsa. Dalton Knecht anachoka ku Northern Colorado nkukhala wosewera wabwino koposa mu SEC ali ku Tennessee mu 2024, Lakers nkumutenga pa nambala 17 posankha osewera olowa mu NBA, ligi ya akatswiri. Mark Sears wochokera ku Ohio anafikitsa Alabama mu Final Four. Koma pa Knecht mmodzi pali ambiri omwe mayina awo sitiwakumbukiranso, ndipo vidiyo siikuuza kuti uyu akhala mbali iti.

Mpira ndi umodzi. Izi zikumveka zachibwana koma ndi pomwe matimu ogula mayina amagwera. Kwa atsikana chitsanzo chake ndi LSU ya Kim Mulkey, inatenga chikho mu 2023 ndi Angel Reese yemwe inamutenga ku Maryland, kenako inawonjezera Hailey Van Lith wa ku Louisville ndi Aneesah Morrow wa ku DePaul, awiri mwa osewera otchuka kwambiri pa msika chaka chimenecho. Van Lith ku Louisville ntchito yake inali kugoletsa, pafupifupi 20 pa gemu. Ku LSU anamuika kukhala wogawa mipira, malo omwe sanali ake, mapointi anatsikira cha mu 11, ndipo anthu ambiri amangomukumbukira pa gemu ija Caitlin Clark wa Iowa anagoletsa 41 nkuwatulutsa mu Elite Eight. Chaka chotsatira anapita ku TCU komwe timu inamangidwa mogwirizana ndi kasewero kake, anakhala wosewera wabwino koposa mu Big 12 nkuifikitsa TCU mu Elite Eight koyamba. Munthu yemweyo, luso lomwelo.

Palinso maejenti. Mu NBA malamulo amati ejenti asadye kupitirira 4 peresenti ya kontrakiti ya wosewera ndipo ayenera kukhala wovomerezeka ndi bungwe la osewera. Ku koleji chipata chili pululu, amalume, mnzake wa bambo, kochi wa timu ya m'dera, aliyense atha kudzitcha ejenti, ndipo zimamveka kuti ena amadula 15 kapena 20 peresenti. Munthu wotere amapindula mwana akasamuka, osati akakhala. Amaimbira timu iyi kuti ina yapereka $600,000, nkuimbira inayo kunena zomwezo, ndipo palibe komwe kochi angakafunse kuti ndi zoona kapena ayi.

Kulonjeza ndi kwina kupereka ndi kwina. Ndalama za ma collective zimadalira anthu olemera omwe mtima wawo umasintha timu ikayamba kuluza, kapena bizinesi zawo zikagwa. Pa 30 December 2024 osewera akale 6 a Florida State anasumira kochi wawo Leonard Hamilton kukhothi, akunena kuti anawalonjeza $250,000 aliyense koma ndalamazo sanazione, ndipo m'masamani awo ananena kuti ananyanyalapo training gemu ya Duke isanachitike. Zimenezo ndi zonena za odandaulawo. Koma mfundo yake ikuoneka, kochi ndi amene amalankhula ndi mwana maso ndi maso, chikwama chili ndi munthu wina, mwana akagwiritsidwa fuwa la moto amakwiyira kochi, ndipo kukwiyako kumabwera mu January sizoni ili pakati.

Tisaiwale kuti awa ndi ana asukulu, ngakhale zikuiwalika. Makosi omwe munthu wachita pa koleji ina sikuti onse amavomerezedwa pa koleji yatsopano. Mu 2023 Caleb Love analengeza kuti akuchoka ku North Carolina kupita ku Michigan, patapita masabata angapo zinadziwika kuti nkhani ya makosi ake sinadutse ku ofesi yolandira ophunzira. Love anapita ku Arizona, Michigan inatsala ndi dzenje msika utatha kale, ndipo sizoni imeneyo inawina magemu 8 okha. Kwa osewera omwe sadzafika ku NBA, omwe ndi pafupifupi onse, kusintha koleji katatu kumatanthauza kuti zaka zosewera zitha digiri ili patali.

Osewera ochokera kunja, aku Africa ambiri ali momwemu, ali ndi chipsinjo china. Amalowa ku America pa visa ya ophunzira, F-1, yomwe siilola kugwira ntchito yolipidwa mwachisawawa, ndiye kuwalipira ndi nkhani ya maloya. Oscar Tshiebwe, mwana wa ku Lubumbashi kufupi ndi malire a Zambia, anachoka ku West Virginia kupita ku Kentucky mu January 2021 ndipo mu 2022 anasankhidwa kukhala wosewera wabwino koposa m'dziko lonse, ma rebound 15 pa gemu. Koma kuti apange ndalama ndi dzina lake anachita kudikira ulendo wa timu ku Bahamas mu August 2022, kunja kwa nthaka ya America, komwe anakhalira kusaina zinthu ndi kujambula zotsatsa malonda sabata yonse. Timu yomwe ikutenga wosewera wakunja pa portal iyenera kudziwa kuti ikalakwitsa kalipiridwe ikuika visa ya mwanayo pa ngozi.

Mukamva zonsezi mungafunse kuti bwanji osangosiya. Sangasiye. Gemu iliyonse yomwe timu yasewera mu March Madness imabweretsera ligi yake pafupifupi $2 miliyoni yomwe imaperekedwa m'zaka 6, osawerengera matikiti, ma TV ndi zopereka za masapota. Kochi wa timu yaikulu akaphonya mpikisanowu zaka 2 zotsatizana amayamba kulongedza. Alibe nthawi yodikira mwana wa zaka 18 kuti akhwime pomwe mnzake akubwera ndi amuna a zaka 23 omwe asewera magemu opitirira 100. Komanso ngakhale iwe usakonde portal, portal imakupeza. John Calipari atachoka ku Kentucky kupita ku Arkansas mu April 2024 ena anamutsatira, ena anapita ku NBA, ena kwina, Mark Pope anafika nkupeza palibe wosewera wa sikolashipu ngakhale mmodzi wotsala. Anamanga timu yonse m'masabata ochepa ndipo inafika mu Sweet 16, ndime ya matimu 16 otsala. Jerome Tang mu 2022 anapeza osewera 2 okha ku Kansas State, anadzaza ndi a pa portal, mmodzi mwa iwo Keyontae Johnson yemwe anakomoka pa bwalo mu December 2020 ali ku Florida, nkufika mu Elite Eight. Tang yemweyo ndi amene anadzagula Hawkins. Kuwina kamodzi pa msika kumakupangitsa kukhulupirira kuti uli ndi diso.

Ine ndikayang'ana matimu omwe atenga chikho ndimaona chinthu chimodzi chomwe ogula mayina amachidumpha. Tristen Newton, yemwe anasankhidwa wosewera wabwino koposa mu Final Four ya 2024, UConn inamutenga ku East Carolina mu 2022, sanali dzina lalikulu, ndipo anakhala zaka 2, zikho 2. Walter Clayton Jr., yemwe anatenga ulemu womwewo mu 2025 Florida itagonjetsa Houston 65-63, anachokera ku Iona mu 2023, ndipo chikho chinabwera m'chaka chake chachiwiri. Will Richard anachokera ku Belmont mu 2022 nkukhala zaka 3. Pambali pawo panali Alex Condon ndi Thomas Haugh omwe Florida inawatenga asanasewerepo koleji ina iliyonse nkuwalera yokha, kenako nkuwonjezera Alijah Martin wa ku Florida Atlantic ndi Rueben Chinyelu wa ku Nigeria wochokera ku Washington State kuti atseke mipata yodziwika. Dan Hurley, kochi wa UConn, anachitanso chimodzimodzi ndi Cam Spencer, munthu mmodzi pa ntchito imodzi mu timu yomwe inali kale ndi msana. Ndiye mlendo amabweradi ndi kalumo kakuthwa, koma matimu amenewa anasunga anthu awo, ndipo ambiri mwa omwe anawagula anawatenga ku makoleji ang'onoang'ono asanakwere mtengo. Kusintha osewera 9 chaka chilichonse kungakufikitse mu mpikisano, koma mu November anyamata amakhala asanadziwane nkomwe, ndipo kutchinga mu basketball ndi nkhani ya anthu 5 odziwana mayendedwe osayang'anana.

Omwe akuvutika kwambiri ndi msikawu mwina si matimu akuluakulu. Mu 2022 Saint Peter's, kakoleji ka ku Jersey City, inatulutsa Kentucky ya Tshiebwe uja mu gemu yoyamba ngakhale iye anagoletsa 30, nkupitirira mpaka mu Elite Eight, dziko lonse likuisapota. Pasanathe mwezi kochi Shaheen Holloway anali ku Seton Hall, KC Ndefo anamutsatira, Doug Edert anapita ku Bryant, Daryl Banks III ku St. Bonaventure, timu yonse inabalalika. Kale timu yaing'ono imaopsa chifukwa anyamata ake amakhala limodzi zaka 4 pomwe zazikulu zimasintha nyenyezi chaka ndi chaka. Pano ikangolera wina wabwino amatsompholedwa, ndipo monga ndanena silandira kanthu. Mu 2025 matimu onse 16 omwe anafika mu Sweet 16 anali ochokera m'maligi akuluakulu 4 okha, ndipo onse 4 omwe anafika mu Final Four anali omwe anaikidwa pa nambala 1 m'magulu awo mpikisano usanayambe, zomwe zinali zitachitikapo kamodzi kokha mu 2008. Chaka chimodzi si umboni wokwanira, koma makampani a TV omwe amalipira pafupifupi $1 biliyoni pa chaka kuti aonetse mpikisanowu amadziwa kuti anthu ambiri amaonera pofuna kuona kamwana kakugwetsa chimphona.

Ana a ku sekondale nawo malo akuwathera. Rick Pitino, atatenga ligi ya Big East mu 2025 ndi St. John's yodzaza ndi osamuka, ananena poyera kuti chaka chimenecho sakusaka ana a ku sekondale. Omwe ali pamwamba penipeni amapezabe malo, koma wapakatikati yemwe kale akanalowa timu yaikulu nkuphunzira pa benchi pano amayambira ku koleji yaing'ono, akawala nkudzagulidwa. Ndipo pa portal pomwepo si onse amatuluka akumwetulira. Dzina likangolowa koleji yako ili ndi ufulu wokuchotsera sikolashipu teremu ikatha, malo ako nkupatsa wina. Chaka chilichonse pamakhala anyamata ambiri omwe ananamizidwa kuti kunja kuli ndalama, foni osalira, August nkufika alibe timu.

Pa 6 June 2025 jaji Claudia Wilken anavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wa House v. NCAA, womwe osewera anasumira NCAA pa nkhani ya malipiro. Osewera akale azilandira pang'onopang'ono pafupifupi $2.8 biliyoni m'zaka 10, ndipo kuyambira pa 1 July 2025 makoleji akuloledwa kulipira osewera mwachindunji mpaka pafupifupi $20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Koma ndalamayo ndi ya masewera onse pa koleji, ndipo komwe kuli American football yaikulu gawo lalikulu limapita kumeneko, makoleji ambiri akupereka cha mu 15 peresenti ku basketball ya amuna, kutanthauza $3 miliyoni ndi kakusefukira. Makoleji a mu Big East omwe alibe football yodya ndalama atha kuthira zambiri ku basketball. Mu 2025 mgwirizano uliwonse wa NIL wa $600 kupita m'mwamba unayamba kudutsa ku NIL Go, komwe kampani ya Deloitte imaunika ngati ndi malonda enieni kapena malipiro obisika. Ma collective atadziwa kuti chitseko chikutsekedwa anathamangira kulipiriratu July asanafike, nchifukwa chake mitengo ya mu April 2025 inapenga, atolankhani nkumalemba za matimu angapo omwe osewera ake onse pamodzi afika $10 miliyoni.

Poti tsopano koleji ndi yomwe ikusaina, makontrakiti ayamba kukhala ndi ziganizo zoti ukachoka nthawi isanakwane ubweze ndalama kapena timu yako yatsopano ilipire. Vuto ndi loti NCAA ikukanabe kuti osewerawa ndi antchito, alibe bungwe lowaimira lomwe lingakambirane malamulo ngati mu NBA, ndipo lamulo lililonse lomwe NCAA yayesa kuika lowaletsa kusamuka kapena kulandira ndalama m'zaka zapitazi lakathera kukhothi. Malire a osewera pa timu ya amuna tsopano ndi 15, ndiye kochi ali ndi mipando 15 ndi bajeti imodzi, akaika theka la bajetiyo pa mlendo mmodzi yemwe wamuonera pa vidiyo masiku 3, mlendoyo nkuvulala phazi mu December ngati momwe zinachitikira Nijel Pack m'chaka chake chomaliza ku Miami, msika umakhala utatsekedwa mpaka sizoni ithe.